Mavu Ovala Ulusi

Kwathu kuno ukalumidwa ndi mavu suthamangira kuchipatala, umayamba wapita kwa a Tekman kuti akakuuze amene akuluma. Mankhwala alibe ayi. Amangokugwira chibwano, kuyang'ana chotupacho uku ndi uku, kenako n'kugamula. "Awa ndi mavu wamba, kapake dothi lonyowa, usatisokose." Kapena: "Awa ndi a nkhomola. Angati? Atatu? Tsikani naye kuchipatala, musadikire tiyi." Ine amene ndimagulitsa tiyiyo mawu otsirizawa sandisangalatsa, koma kunena zoona munthuyu sanaphonyepo.

Nzeruzi anaziphunzira ndi thupi. Pa unyamata wawo ankakwera mitengo kukadula masamba odyetsa njati zoweta za bambo awo, ndipo palibe mtundu wa mavu m'phiri lino umene sunawalawe. Khutu lawo lakumanzere mpaka lero ndi lalikulu kuposa linzake. Mavu wamba, ang'onoang'ono achikasu aja, oning'a kwambiri, omanga kachisa kapoyera kunsi kwa denga, iwo amawatcha anansi. Amati amatola mbozi pa mpiru ndipo sakuputa ukapanda kuwaputa. Aphunzitsi atatentha kachisa kotere pakhomo la sukulu, a Tekman anatha mwezi osawapatsa moni. Koma a nkhomola, akuluakulu a mutu wofiirira, omanga chisa ngati mtsuko pamwamba pa mtengo, amadana nawo koopsa, chifukwa amenewo ndiwo zawo ndi njuchi.

Njuchi za a Tekman zinkakhala m'khoma la nyumba, monga timachitira kuno: kabowo kunja, thabwa lotsekera mkati. Kale ming'oma yotere inalipo inayi. Chaka ndikunenachi unatsala umodzi, wa njuchi zimene malemu akazi awo, a Jasmaya, anabwera nazo kuchokera kumunda atazikulunga mumpango. Mayiwo atamwalira, a Tekman sanalire pagulu. Anangokoka mphasa yawo n'kuyamba kugona mutu uli pafupi ndi thabwa lija. Ana awo a ku Kathmandu, likulu la dziko lathu, anawaitana kangapo kuti akakhale nawo, iwo n'kumayankha kuti njuchi sizikwera basi.

Mvula itayamba kuchepa, mawere akucha, a nkhomola anafika. Ankaima m'malere pafupi ndi kabowo, njuchi ikamabwera ndi katundu wake n'kuiwakha, ulendo. Njuchi zinachita mantha, zinasiya kutuluka. A Tekman anakhala pampando ndi kathabwa kophera, koma akapha asanu kunkabwera khumi. Ndiye anachita zimene amachita osaka mavu. Anabaya chiwala pakamtengo, ndipo mmodzi wa nkhomola atatera n'kutanganidwa ndi kudya, anam'manga kaulusi koyera m'chiuno, n'kumusiya auluke.

Tonse tinawaona. Bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi kuthamanga maso ali kumwamba, m'minda yathu yosanjikizanayi! Anagwa kanayi. Anagwetsa thandala la nkhaka la eni ake, osacheuka n'komwe. Ulusiwo unakathera pamtengo waukulu kutsidya kwa khwawa, ndipo pathunthu la mtengowo panali udzu womanga mfundo.

Mfundo ya udzu kwathu kuno ndi lamulo. Amene wayamba kuona chisa cha nkhomola n'kumangapo udzu, chisacho ndi chake mpaka chikondwerero cha Dasain chidutse, ana a mavu atanona bwino oti n'kukazinga. Kusiyana ndi kukhudza chisa cha mwini, bola kuba mbuzi, anthu amaiwala. Ndipo mfundo imeneyi, yopotokera kumanzere, aliyense ankaidziwa. Inali ya a Dhanjit, mlongo wawo wa malemu a Jasmaya.

Nkhaniyo inafika pabenchi langa la tiyi, monga nkhani zonse.

"Alamu, ziweto zanu zikudya njuchi zanga," anayamba a Tekman.

"Ziweto ziti? Mbuzi zili m'khola."

"Musadzipusitse. Za mumtengo zija."

"Aaa, alamu, phiri lonseli mavu ndi anga okha? Munawafunsa ziphaso? Anga ndi oleredwa bwino, amadya zakutchire."

"Ndawatsatira ndi maso angawa!"

"Mmodzi. Mwina anangobwera kudzacheza. Inu simupita kocheza?"

"Tenthani chisacho lero, ndikupatsani nkhuku ziwiri."

"Ana ake akadali ngati mpunga. Masabata asanu okha, alamu. Munapirira mlongo wanga zaka makumi atatu, mungalephere masabata asanu?"

Apa ndinasuntha ketulo, chifukwa ndinaona dzanja la a Tekman likulowera komweko.

Pofuna umboni, a Tekman anayamba kumanga ulusi woyera aliyense wa nkhomola wofika pamng'oma. A Dhanjit, osafuna kugonja, anakapachika nyama pafupi ndi mtengo wawo n'kuyamba kumanga awo ulusi wofiira, kuti dziko lione kuti ofiira sapita kwa alamu. Sabata isanathe, mudzi wonse unadzaza mavu ovala. Ena zoyera, ena zofiira, ambiri zonse ziwiri, akuuluka molemedwa ngati akuchokera ku ukwati. Telala anayamba kubisa ulusi wake. Mmodzi wa mavuwo anagwera mu tiyi wa aphunzitsi, ndipo aphunzitsi m'malo mokuwa anangofunsa kuti, "Ameneyu ndi wa ndani?" A Dhanjit analumidwa pachikope, diso linatsekeka, ndipo poti kunalibe kwina kolowera, anapita kwa alamu awo omwewo. A Tekman anawagwira chibwano, n'kuyang'ana mofatsa.

"Wanu," anatero.

Akuluakulu a m'mudzi anagwira njakata. Anakhala pabenchi langa lomwelo, kumwa tiyi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mfundo ya udzu sakanaiphwanya. Koma anati popeza a Dhanjit avomera okha, ndi ulusi, kuti mavuwo ndi ziweto zawo, ndiye aziwete monga aliyense amawetera mbuzi zake kuti zisalowe m'munda wa mnzake. A Tekman azipha opanda ulusi wofiira okha. Ovala zofiira, mwiniwake aziwabweza.

Ndinaseka mpaka misozi tsiku limenelo, koma lero ndikakumbukira zimandipsetsa mtima. Anthu asanu ndi awiri a imvi zawo, panalibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti njuchi zingakhale masiku angati osatuluka kukadya.

Choncho m'mawa uliwonse a Dhanjit ankawoloka khwawa atanyamula nthambi ya masamba, n'kukakhala pafupi ndi khoma la alamu awo. Nkhalamba ziwiri, mipando iwiri, kabowo kamodzi.

"Uyo wanu uyo, m'bwezeni."

"Choka! Kwanu uko! Wosamva iwe!"

"Uyu alibe ulusi." Phaa!

"Alamu! Ameneyo ndi wanga, ulusi wangomasuka! Ndimam'dziwa nkhope!"

Masana ankadyera pamodzi mpunga, paja chibale ndi fupa, sichiola, ndipo mlamu sungamusiye ndi njala pakhonde pako. Ndikawapititsira tiyi ndinkawapeza akukamba za a Jasmaya, mmene ankakalipira, mmene ankachulutsira tsabola m'ndiwo. A Dhanjit anayamba kubweza ziweto zawo mwamphamvu ndithu, ndipo tsiku lina ndinawaona akuponda wofiira mmodzi ndi chidendene, maso ali kwina. Koma mawu oti tiyeni tikatenthe chisacho sanatuluke pakamwa pawo. A Tekman nawonso sanapemphe kachiwiri. Ndinayesa kuwauza onse awiri kuti makaniwa awapweteka, iwo anangondifunsa ngati shuga wandithera.

Kutatsala masiku anayi kuti chikondwerero chiyambe, dzuwa lili pamutu, njuchi zinatuluka zonse nthawi imodzi. Zinazungulira pabwalo kamodzi, n'kukwera, n'kulunjika kuseri kwa phiri. A Tekman anathamangira m'nyumba, anatuluka ndi mbale yachitsulo akuimenya ndi supuni, akuwaza madzi m'mwamba, akuitana ngati zingamve. Sizinatembenuke. Atachotsa thabwa lija anapeza zisa zouma, zopanda ngakhale dontho la uchi.

A Dhanjit anatola nthambi yawo n'kuwoloka khwawa osatsanzika.

Chikondwerero chitadutsa, chisa cha mumtengo chija anachitsitsa ndi utsi. Amene analipo akuti sanaonepo ana a mavu onona chotero. Mwambo wake, mwini chisa amagawira nyumba iliyonse pang'onopang'ono, otsalawo n'kuviika m'kachasu wa mawere. A Dhanjit sanagawire munthu. Anakazinga onse, anadzaza beseni, n'kulinyamula mpaka pakhonde pa alamu awo. Ine ndinali pomwepo, ndikutolera makapu anga.

Analiika pansi.

A Tekman anayang'ana besenilo nthawi yaitali. Kenako anatola mmodzi n'kumutafuna pang'onopang'ono, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Khalani pansi, alamu," anatero. "Tidye. Njuchi za mlongo wanu ndi zimenezi, kwina kulibenso."