Chikho Ndinapatsira Alamu Anga

Ine, munthu wosaopa mwera panyanja, chinandinjenjemeretsa ndi chikho. Tinakwera kumapiri a Namwera ndi alamu anga a Sitefano kukalawa vinyo wa nthochi wotchuka kumeneko. Mayi wofululayo anandipatsa chikho asanalaweko yekha, pamene kwathu mwini mowa amayamba ndiye, kusonyeza kuti mulibe chiphe. Kukana kunali manyazi, koma ndinaopa kufera kuchilendo.

"Alamu, yambani ndinu, mwa ulemu!" ndinakuwa, chonsecho wamkulu ndine.

Anagugudiza chonse. Potsika phiri pa matola ndinkangowayang'ana kukamwa, kudikira thovu, ndikuganiza zokamuuza mlongo wanga, mkazi wawo. Akangotsinzina ndinkawagwedeza: "Alamu, mukupuma?"

"Ndisiyeni, akulu, ndakhuta vinyo!"

Sanafe. Mpaka lero amauza anthu kutchalitchi kuti mlamu waulemu ngati ine kulibe.