Nkhope Imene Inatuluka ndi Thukuta la Amalume

Amalume anga ndi mlembi wa mpingo wathu kuno ku Bwanje, ndipo udindo umenewu amaukonda kuposa munda wawo wa mpunga. Lamulungu lililonse ndiwo amaima kutsogolo kuwerenga zolengeza, atavala jekete yakuda yaubweya imene agogo anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Jeketeyo anaisokera dziko lozizira. Kuno kwathu, kumene ngakhale buluzi amabisala masana, ndi ng'anjo ya mabatani basi.

Chaka cha chisankho ndinali Folomu 3, ndikukhala kwa iwowo. Ofuna uphungu ankabwera motsatizana, aliyense ndi galimoto yodzaza zitenje, makapu ndi matisheti. Kwathu chovala sitikana. Timalandira za onse, kuvina nyimbo za onse, zinazo tikaonera m'kachipinda kovotera. Ine ndinatola kapu ya bambo wina woima payekha, wadazi ndi magalasi aakulu, n'kupita nayo ku pulakatisi ya kwaya. Amalume anandipeza pakhomo la tchalitchi. Anandivula kapuyo pamaso pa atsikana onse oimba sopulano.

"Iwe mphwanga, muno si pabwalo la ndale. Ukudziwa chifukwa chake boma silivutitsa mpingo ndi msonkho ngati golosale? Chifukwa mpingo ndi wa aliyense. Tsiku limene tidzayambe kuloza munthu, tidzasanduka chipani, ndipo chipani sichipemphereredwa ndi onse."

Atsikana aja anaseka. Mmodzi, amene ndinkamuperekeza mpaka pa mlatho wa ngalande, anaseka kuposa anzake. Nkhaniyi ndinaisunga.

Sabata yomweyo kunabwera kalata yochokera ku likulu la mpingo, yamasamba atatu. Mfundo yake inali imodzi: waudindo aliyense woonetsa mbali ya ndale m'tchalitchi atule pansi udindo. Amalume anaiwerengera aanti, akazi awo, kawiri konse, kuyeserera mawu a Lamulungu.

Chimene amalume anaiwala n'chakuti wochapa zovala pakhomopo ndinali ine. Wochapa amadziwa zambiri kuposa mlembi. Ndinkadziwa kuti ali ndi maveseti awiri okha, ndiponso kuti savala shati popanda kanthu mkati, amati zimenezo ndi za anyamata a kabaza. Ndinkadziwanso kuti pansi penipeni m'sutikesi muli tisheti yoyera, yofewa bwino, ya bambo wadazi yemwe uja, imene ankavala popita kukatsegula madzi kumunda.

Loweruka ndinachapa maveseti aja, ndinawayanika, atauma ndinawapinda bwinobwino n'kuwaika m'chikwama changa cha kusukulu, pakati pa Bayoloje ndi Jogalafe.

M'mawa wa Lamulungu nyumba inagwedezeka.

"Maveseti anga ali kuti?"

"Kaya, amalume. Mwina mbuzi."

"Mbuzi idye awiri onse, n'kusiya masokosi?"

Belu loyamba linali litalira kale. Aanti, amene sankadziwa kanthu, anandigwirira ntchito yonse. "Inu, ingovalani tisheti ija. Ndi yoyera. Pamwamba shati, pamwamba jekete. Aione ndani, angelo?"

Tchalitchi chathu ndi cha malata opanda siling'i, ndipo mwezi unali wa Sepitembala. Nthawi ya zolengeza itakwana dzuwa linali pamutu. Amalume anayamba tsamba loyamba ndi mawu a mkango. Tsamba lachiwiri thukuta linkadontha pa chibwano ngati mpopi wotha labala. Kenaka anagwira m'mbali mwa gome.

"A mlembi," anatero abusa chapansipansi, "vulani jekete, mungatigwere muno."

"Ndili bwino, abusa."

Apa ndinaona kuti ndithandizepo. Ndinatembenukira ku benchi ya azimayi n'kunong'ona, monong'ona momveka mpaka kukhomo: "Sanadye kanthu m'mawa. Dzulonso anachita chizungulire."

Pa benchipo pali mayi wina amene anagwirapo ntchito ku chipatala cha ku Kasinje, ndipo munthu wodwala samupempha chilolezo. Anadzuka, anafika kumbuyo kwa amalume, n'kusolola jekete ija ngati akusenda nthochi.

Shati yoyera ikanyowa sisunga chinsinsi. Choyamba kutuluka linali dazi, pa chifuwa penipeni. Kenaka magalasi. Kenaka mano onse, akumwetulira mpingo wa Mulungu. Pamimba panatuluka malemba: VOTI YANU KWA UYU. Amalume, maso ali pa pepala, anapitiriza mwaulemu wonse: "Choncho mtsogoleri asaloze munthu, kaya ndi mawu, kaya ndi chovala."

Woyamba kuphulika anali woimba ng'oma. Azimayi anabisa nkhope m'mipango, mapewa okha akugwedezeka. Gogo wina wosaona bwino anafunsa mokweza ngati mlendoyo wapatsidwa mpando.

Kuseka kunandithera titatuluka. Akuluakulu a mpingo anakhala m'kachipinda ka kuseri, ndipo wachiwiri kwa amalume, bambo amene wakhala akusirira buku la zolengeza kuyambira kale, anali ataimirira ndi kalata ija m'manja. Aanti anandigwira khutu, atapeza kale nkhani yonse m'maso mwanga, n'kundikankhira mkati. Amalume anali pakona, manja atapingasa pachifuwa kuphimba dazi lija. Sindinawaonepo ali aang'ono chotero.

"Kalata yanena yokha," ankatero wachiwiriyo. "Kaya ndi chovala. Mwamva nonse."

Ndinagwada. Ndinaulula za maveseti, za chikwama, ngakhale za mbuzi yosalakwa.

"Mwanayu wabisa maveseti, inde," anatero bamboyo, "koma amene anasunga tisheti m'sutikesi ndi mwanayu?"

"Abusa, ndingayankhuleko?" ndinafunsa.

"Yankhula, koma mwachidule."

"Ine popita kusukulu ndimadutsa kuseri kwa nyumba zambiri, ndipo zingwe zoyanikira ndimaziona. Maveseti m'mudzi muno ndi ochepa. Ndiye ndimati, poti kwatentha chonchi, bwanji akuluakulu onse avuleko majekete, nkhaniyi ikambidwe mopepuka?"

Wachiwiri uja anayang'ana kudenga, dzanja lake likumanga batani lapamwamba pang'onopang'ono. Mkulu wina anati iye ali ndi chimfine. Wina anakumbukira kuti njinga yake sanakhome. Abusa anatsokomola, nakonza kolala yawo ndi zala ziwiri, mosamala kwambiri kuposa masiku onse.

"Ndikuona," anatero abusa, "kuti a mlembi sanaloze munthu. Thukuta ndi limene laloza. A mlembi apitiriza ntchito yawo. Koma Lamulungu likudzali aliyense waudindo abwere ndi veseti yeniyeni, ndipo nkhaniyi isalembedwe m'buku."

Wolemba m'bukumo ndi amalume omwewo, ndiye sinalembedwedi. N'chifukwa chake ndailemba ine.

Kunyumba sanandikalipire. Anangondipatsa chigamulo: masabata awiri ndikuingitsa mbalame ku mpunga ndikaweruka kusukulu. Tsiku loyamba ndikunyamuka, anandiitana n'kundiponyera kapu yanga ija.

"Tenga. Dzuwa la kumunda si lamasewera. Ukaziuze mpheta kuti zivotere ameneyo."

Kupepesa ndinapepesa, pakamwa. Koma mpaka lero amalume akaima kutsogolo n'kuyamba kutuluka thukuta, mpingo wonse umasiya kumvera n'kuyang'ana pachifuwa pawo, kudikira kuti mwina kutuluka wina.