Kaderno ya Marobo Imene Ndinapita Nayo Kumapemphero

Mwana wanga wachiwiri anayamba kujambula anthu achitsulo ali m'kalasi yachisanu ndi chimodzi. Malume ake, amene ankayenda ndi malole a ku Tete, anamubweretsera kabuku ka zithunzi kopanda chikuto, kolembedwa m'Chipwitikizi. Ine sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi, tili ku Zambia nthawi ya nkhondo, choncho Chipwitikizi changa n'cha pamsika basi. Koma zithunzi ndinkaziona. Munali mzinda wa nyumba zazitali, wopanda mtengo ngakhale umodzi, ndipo okhalamo onse anali achitsulo, maso ngati matochi. Iye ankawatcha marobo.

Tsiku lina ndikusankha nyemba pakhonde ndinamufunsa kuti anthu akewo akulimbirana chiyani.

Anati, "Amayi, mtsogoleri wawo wakale wawonongeka, ndiye asankha wamng'ono uyu. Ntchito yake inali yothira mafuta m'mawondo mwa anzake, sanalamulepo wina aliyense. Tsopano mzinda wagawikana. Ena akufuna kutentha, ena akuti tidikire, ndipo onse akuyang'ana iyeyu."

"Nanga amayi ake ali kuti?"

Anaseka mpaka kutsamwa. "Marobo sabadwa, amayi."

"N'chifukwa chake akuvutika," ndinatero.

Mapepala omaliza a kabukuko bambo ake anawang'amba n'kukulungira fodya, osadziwa kuti ndi chuma cha mwana. Mnyamata analira tsiku lonse. Kenaka anatenga kaderno yake, kope lolembamo kusukulu, ndi lapizi n'kuyamba kudzijambulira yekha zotsatira zake. Chizolowezicho sanachisiye ngakhale atamera ndevu.

Bambo ake anamwalira iye ali m'kalasi yakhumi. Sukulu inathera pomwepo, ndipo anapita kukakumba golide kuphiri lina kunja kwa Fingoe, kumene anyamata ambiri a kwathu amapita. Gulu lawo linali ndi shefi wake, ndiye kuti mtsogoleri, bambo wachikulire wodziwa kuweruza za maenje. Bamboyo atadwala chifuwa anabwerera kwawo ku Malowera. Okumba anakhala pansi n'kusankha mwana wanga, wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, chifukwa chimodzi chokha: amatha kulemba kalata ya Chipwitikizi yoti ku ofesi aiwerenge osaseka. Ine ndinathokoza Mulungu, ndinaphanso nkhuku.

Sipanathe miyezi iwiri, kunabwera anthu ena ndi mapepala a boma, makina ndi alonda. Anamanga waya waminga kuzungulira mbali ya phiri imene inali ndi maenje abwino, n'kumanganso kanyumba ka alonda pakhomo pake. Okumba anagawikana. Panali bambo wina wamkulu msinkhu, wotsimphina mwendo wamanzere chifukwa dzenje linamugwerapo, amene sankavula chipewa cha nsalu ngakhale kutenthe bwanji. Iyeyo ankati kanyumbako katenthedwe, waya adulidwe. Ena ankati kalata ipite ku administrasau, ku ofesi ya boma, tidikire yankho. Onse ankabwera pakhomo panga kudzafunsa kuti shefi akuti bwanji.

Shefiyo anali mwana wanga amene ndinkamuona akusiya chakudya m'mbale. Anaonda. Ndikamufunsa ankangoti, "Palibe kanthu, amayi." Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ankakhala kuseri kwa nkhokwe ndi kaderno, kujambula mpaka dzuwa kupendeka.

Kwathu kuno amayi timakumana Lachinayi masana kutchalitchi. Tili ndi mwambo wathu. Mwana akadwala ndipo sangathe kufika, timatenga malaya ake n'kuwaika pamkeka pakati, tonse n'kusanjikapo manja. Wolemba mayeso timamutengera kaneta yake yolembera. Nthawi yodzala ena amabweretsa mbewu m'kambale. Ine ndinaganiza kuti malaya sakwanira, popeza chimene chikudwala si thupi. Mtima wake wonse unali m'kaderno muja. Lachinayi limenelo iye atapita kuphiri, ndinaitenga pansi pa mphasa yake n'kuikulunga m'chitenje. Sindinamupemphe. Sindinaitsegule n'komwe. Ndinkaona ngati ndikumuchitira ulemu posaona zinsinsi zake.

Itakwana nthawi ndinaiika pamkeka n'kunena kuti, "Amayi anzanga, mwana wanga wasenza katundu womuposa msinkhu. Mundithandize."

Amayi amene amatitsogolera anati, "Titsegule tione, tidziwe chopempherera." Anatsegula.

Poyamba kunali kuseka. Wina anati, "Ee, mayi a shefi, mwana wanu amaona zoterezi ali maso kapena kutulo?" Wina anati miyendo ya marobowo ikufanana ndi mapaipi a pamjigo. Kaderno inayamba kuyenda m'manja. Ine ndinkasekanso, ndikunyadira pang'ono, poti zithunzizo zinali zokongola ndithu. Panali phiri lachitsulo, waya, kanyumba, ndi karobo kakang'ono kaja kataima pakati pa gulu, timizere tozungulira manja ake tosonyeza kuti kakunjenjemera.

Kaderno inafika kwa mkazi wa bambo wotsimphina uja. Tinakulira limodzi ku Zambia, tinabwerera kuno pa lole imodzi. Anatsegula tsamba lina n'kusiya kuseka.

"Uyu si bambo a kwathu uyu?"

Tinasuzumira tonse. Linali robo lalikulu, mwendo wamanzere wopindika, kumutu chipewa. Manja ake anali omangidwa ndi waya, ndipo karobo kakang'ono kaja kanali kukalipereka kwa alonda.

"Ndi zojambula chabe, achemwali," ndinatero.

"Zojambula zovala chipewa cha amuna anga?"

Anadzuka n'kutuluka osadikira pemphero. Otsalafe tinasanjika manja pa kaderno, koma zimene ndinanena kwa Mulungu tsiku limenelo sindizikumbukira.

Ndili m'njira ndinaima pansi pa mtengo n'kuitsegula ndekha, zimene ndikanachita poyamba. Tsamba lotsatira linali ndi karobo komweko katanyamula moto, kakutsogolera gulu kukatentha kanyumba. Tsamba linanso kanali kuthawa kokha pamsewu ndi kachikwama. Mwana wanga ankajambula njira iliyonse imene inkamubwerera m'mutu kuti aione ndi maso. Koma mnzanga uja anaona tsamba limodzi lokha.

Mwana wanga atafika kuchokera kuphiri ndinamuuza zonse, osabisa kanthu. Anakhala pa mtondo wogwetsa pabwalo.

"Amayi, bwanji simunangotenga malaya?"



Okumba anabwera tsiku lotsatira dzuwa lili pamutu, amuna ochuluka moti anadzaza bwalo mpaka kukhola la mbuzi. Ena anali ndi mipini ya mapiki. Wotsimphina uja anali patsogolo. Ine ndinafuna kuti mwana atulukire kuseri, alowe m'chimanga. Anakana. Anatuluka ndi kaderno m'manja.

Wotsimphina anati, "Shefi, tamva kuti mwatijambula. Tabwera tidzadzione. Ine chibadwire sindinajambulidwepo."

Ena anaseka, koma kunali kuseka koipa.

Mwana wanga anapereka kaderno. "Onani zonse, atsibweni, osati tsamba limodzi."

"Usanditche atsibweni. Unandimanga ndi waya iwe?"

"Ndinakumangani, pa pepala."

"Ndiye kuti unaziganiza."

Apa ndinkapemphera mumtima kuti akane, anene kuti ndi nthano ya kalekale. Mulungu andikhululukire, ndinkapempherera bodza. Koma iye anati, "Ndinaziganiza. Ndinaganizanso zotentha, onani apa, wanyamula motoyo ndine. Ndinaganizanso zothawa. Sindikudziwa chochita, akuluakulu. Munandisankha kuti ndizilemba makalata. Mukatentha, apolisi abwera, ndipo phiri lonse alitseka. Mukapanda kutentha, ana anu agona ndi njala. Zonsezi ndikuziona. Ndipatseni masiku ena, yankho la kalata imene ndinatumiza libwere."

Mnyamata wina kumbuyo anakuwa kuti, "Shefi wa zidole!" Wina anati, "Ife tikudya fumbi, iye akusewera ndi lapizi." Gulu linasendera kutsogolo. Ine sindikudziwa kuti ndinafika bwanji pakati pawo. Ndinangopezeka ndagwada m'dothi pamaso pa wotsimphina uja.

"Alamu, wolakwa ndine. Mwanayu sanaonetse munthu. Ndinaba ndine kaderno, kufuna kuti amupempherere. Ngati pali womenya, yambani ine."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kumbali. "Dzukani, mayi. Ife sitimenya amayi a Lachinayi, tingafe tonse." Kenaka anaponya kaderno pamapazi pa mwana wanga. "Mtsogoleri wonena pagulu kuti sindikudziwa, ameneyo si mtsogoleri. Kuyambira lero khala ndi marobo ako. Kuphiri tikakuona, tidzadziwa kuti wabwera kudzawerenga nkhope zoti ukapereke kwa alonda."

Anatembenuka, gulu n'kumutsatira. Palibe amene anamukhudza mwana wanga. Ndinalowa m'nyumba, ndinagwada, ndinathokoza mpaka mawondo kuwawa.

Patapita mlungu umodzi tinadzuka n'kumva kuti kanyumba kaja kapsa, waya wadulidwa, ndipo mlonda mmodzi wathyoka mkono pothawa. Apolisi anabwera ndi galimoto ziwiri. Anafika pakhomo panga poyamba, chifukwa dzina la pa kalata ija linali la mwana wanga. Koma mudzi wonse unkadziwa kuti anamuchotsa pa ushefi pamaso pa anthu, ndipo masiku onsewo anali nane kumunda. Anamufunsa mafunso n'kumusiya. Wotsimphina uja apolisi anamutenga pamodzi ndi ena angapo. Mpaka pano sanabwerere. Phiri analitseka lonse.

Anthu ena amandiuza kuti pemphero lija linayankhidwa, kuti Mulungu anamuchotsa mwana pamoto kudzera m'kupusa kwanga. Masiku ena ndimakhulupirira choncho, ndipo ndimathokoza, chifukwa mwana wanga ali moyo, amadya pakhomo panga. Koma Lachinayi lililonse mnzanga uja amakhala tsidya lina la mkeka, n'kuikapo chipewa china cha amuna ake, chakale, chimene anasiya. Ine ndimasanjikapo dzanja pamodzi ndi ena. Sanandiletsepo, sanandiyang'anenso m'maso. Ndikakonola chimanga ndimatumiza ufa kwawo. Mbale imabwerera yotsukidwa, popanda mawu.

Mwana wanga tsopano amanyamula anthu pa mota, njinga yamoto ya munthu wina, njira ya ku Chiputo ikakhala youma. Anzake akale akamuona pamsika ena amakwera mota yake, ena amadikira mota ina. Tsiku lina tikupalira mtedza anaima, n'kutsamira khasu.

"Amayi, anthu khumi ndi awiri anali atandilonjeza kuti adikira kalata. Ndinkawayendera mmodzimmodzi. Ndikanakhalapo, mwina sakanayatsa."

"Mwinanso ukanayatsa nawo, mwanawe."

"Mwina," anatero.

Ndinafuna kumupepesanso, koma ndinali nditapepesa kale kambirimbiri, ndipo nthawi zonse amangoti zinatha. Anawerama n'kupitiriza mzere wake, ine wanga.