Chigubu cha Amalume a Belita

Mundikhululukire, awerengi, polimba mtima n'kugwira cholembera. Sindinalembepo nkhani, sindine dokotala, ndipo kuthamanga ndinasiyira ku pulayimale. Ndangokhala mphunzitsi, mnansi wa mayi amene ndikufuna kumufotokozayu, ndipo ndinayamba ndapempha chilolezo kwa iye ndi kwa amalume ake. Pomwe ndapotoza, wolakwa ndine.

Belita Makina ndi mlimi wa nandolo ndi chinangwa ku Nkhulambe. Mutakumana naye akuchokera kumunda, khasu paphewa, nkhuni pamutu, simunganene kuti ndi wothamanga. Koma miyendo yake yowondayo imalidziwa phiri. Anamuphunzitsa kuthamanga ndi amalume ake, a Stafford, amene paunyamata wawo ankanyamulira alendo katundu m'phiri la Mulanje, n'kumathamanga nawo mpikisano umene umachitika kumeneko nyengo yozizira.

Mpikisano umenewu ndi umene Belita ankaulakalaka. Sankafuna zambiri ayi: kuima pamzere, kukwera, kutsika, n'kumaliza. Koma chaka ndi chaka, atakonzekera miyezi yambiri, mphepo ya chiperoni ikangoyamba, chimfine chinkamugwira. Chinkayamba ndi kukanda pakhosi, kenako mamina, kenako n'kutsikira m'chifuwa. Tsiku la mpikisano linkamupeza ali pamphasa atafunda zitenje. Chaka chino mawondo nawo anayamba kudandaula, ndipo anadziwa kuti chikamudutsanso, basi, zathera pomwepo.

Anali atatopa. Kudzuka m'mamawa, kuthamanga, kutunga madzi, kulima, kuphika, mawa chimodzimodzi, mapeto ake n'kukolola chifuwa. Tsiku lina anapita kwa Jenifer, wazaumoyo wa m'dera lathu, mnzake wa kukwaya.

"Achemwali, kapena ndinalodzedwa ine?" anafunsa Belita.

"Akulodze ndani, munthu wopanda ndi mbuzi yomwe?" anaseka Jenifer. Kenako anamufotokozera kuti thupi likathamanga kwambiri limakhala kanthawi ngati nyumba yosatseka chitseko, matenda amangolowa. Anamuuza kuti azivula msanga zovala zonyowa ndi thukuta, azigona mokwanira, azidya bwino, azisamba m'manja. Ndiye anafunsa: "Nanga ukamaliza kuthamanga umamwa chiyani?"

"Thobwa la amalume."

"Umamwera pati?"

"Pachigubu chawo. Amayamba iwo, kenako ine."

"Amalume ako aja? Aja amakhosomola m'tchalitchi mpaka abusa kudikira kaye aja?"



Apa ndifotokoze za chigubucho, kuti musawaweruze molakwika akuluwa. A Stafford anasiya kalekale kuthamanga. Chimene chinawatsalira ndi njinga: ankatsatira Belita pambuyo akuliza belu, chigubu chakale cha mafuta ophikira chili pakaliyala, chodzaza thobwa. Pomalizira, pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mlatho, ankatsegula, n'kumwa iwo poyamba monga mwa mwambo wathu, woti mwini chakumwa amalawa kaye kuti onse aone kuti mulibe choipa. Kukana chimene mwini wake walawa ukuona, ndi kumunena kuti ndi mfiti osatsegula pakamwa.

M'mawa mwake Belita ananyamula botolo lakelake. Atafika pamango paja, a Stafford anamwa, napukuta pakamwa pa chigubu ndi chikhatho, namupatsira.

"Imwa, Belita iwe."

"Zikomo amalume, ndatenga botolo langa."

"Botolo?" Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Ndalawatu ukuona. Ukuti ndathiramo chiyani?"

"Si choncho amalume. Koma chifuwa chanucho..."

"Chifuwa changa! Chifuwa chimenechi chinkakwera phiri iwe usanamere mano!"

"Ndiye mawa mudzandithirire m'botolomu musanamwe."

"Ndikupatse chosalawa? Ine? Ukaone ngati mayi ako anakulera choncho."

Anamangirira chigubu pakaliyala, nakwera njinga, osaliza belu. Mawa lake sanabwere, ngakhale mkuja.

Masiku otsatirawo anali olemera. Kumjigo amayi ankanong'onezana kuti Belita wayamba matama. Mayi ake omubereka ankamuyankha moni mwachidule. Iye ankathamanga yekha, ndipo pa chitunda chilichonse khutu lake linkayembekezera belu limene silinkalira. Akafika pamango ankavula malaya onyowa, kuvala juzi, kumwa m'botolo lake, koma thobwalo silinkakoma. Tsiku lina anaganiza zongogonja. Anafika mpaka pabwalo pa amalume ake, koma asanaodire anamva chifuwa chija chikugunda m'nyumba ngati mtondo. Anaima kanthawi, napereka moni ali patali, nabwerera.

Chiperoni chinafika, chimfine chinayenda m'mudzi khomo ndi khomo. Sindinganene motsimikiza kuti chinamupulumutsa Belita ndi botolo. Mwina ndi tulo, mwina juzi ija, mwina zonse pamodzi. Chimene ndikudziwa n'chakuti tsiku la mpikisano anaima pamzere, mphuno zili zouma.

Sanapambane. Anafika kumapeto ambiri atafika kale, akutsimphina, mawondo atatupa, ndipo anangodzigwetsa paudzu. Atadzutsa mutu anaona a Stafford ataima, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Anali atakwera matola ulendo wonse uja, chigubu chili pamiyendo. Anatulutsa makapu awiri m'thumba, nathira monsemo. Anamwa imodzi mpaka kugugudiza, inayo namupatsa.

"Walawa mwini wake. Waona?"

"Ndaona, amalume."

"Wachedwatu. Ine bwenzi pano nditasamba kale." Anatembenukira kumbali, nakhosomola, kenako anawonjezera: "Makapuwa ndi a aanti ako. Ukatha ubweze."

Belita anamwa pang'onopang'ono.

Panopa wabwerera kumunda kwake. Akuti sadzathamanganso mpikisano, mawondo akana, ndipo ndikamufunsa ngati zikumuwawa amangoti, "Ndinamaliza, aphunzitsi. Ndisiyeni ndipume."

Ine pakhomo panga pali mtsuko wa madzi, ndipo pamwamba pake pamakhala kapu imodzi yokha yomwera aliyense wodutsa. Ndaganiza zoikapo makapu ena, ndi beseni lotsukira pambali. Ndipo chimfine chikandigwira, moni wanga udzakhala wa kuomba m'manja, osati kugwirana chanza. Ena adzati aphunzitsi ayamba matama. Ndidzapirira.