Nyimbo Imene Ndinaimba pa Chinkhoswe cha Achemwali

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene nyimbo ija inafika kwathu ku Nkhunga. Matipate anali atangobwera kumene, ndipo zambiri zimene kale zinkanenedwa monong'ona zinayamba kumveka pa wailesi dzuwa likuswa mtengo. Akazi a m'tauni anali atayamba kuvala mathalauza, sukulu ya pulayimale inali yaulere, ndipo akuluakulu kwathu ankangopukusa mitu n'kumati dziko lamasuka udyo.

Nyimboyo inali ya mtsikana wina wa ku Blantyre, ndipo inali yake yoyamba. Sankaimba monga tinazolowerera. Ankalankhula mothamanga, mawu akuthetheka ngati chimanga cha m'phale, ng'oma ikugunda pansi pake mosasintha. Achinyamata ankati imeneyo ndi rapu. Tinali titamvapo amuna akunja akuchita zotere m'Chingerezi, koma mkazi, m'Chichewa chathu chomwechi, ayi ndithu. Amayi ataimva koyamba anafunsa kuti, "Kodi ameneyu akukangana ndi yani?" Kenaka anapotokola wailesi kufuna mauthenga a maliro.

Ine nyimboyo inandilowa m'magazi. Pamsika panali golosale ina imene inkaiika pa kaseti tsiku lonse, ndipo akandituma mchere kapena palafini ndinkaima pakhonde pake mpaka ithe, n'kudikiranso kuti aibwereze. Nyengo imeneyo mpunga unali utayamba kucha, choncho tikaweruka kusukulu tinkapita kudambo kukaingitsa mbalame. Anzanga ankaomba zitini, ine ndinkakuwa mawu a nyimbo ija, matope ali m'maondo. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi: kuthamangitsa lilime ngati mwini wake, osapunthwa, osapuma pakati. Za chimene mawuwo ankanena ndinalibe nazo ntchito. Kwa ine anali ngati miyala yodumphira pamtsinje, yongopondapo n'kupitirira.

Ndime yachiwiri inkandivuta chifukwa pamenepo mtsikanayo ankathamanga kwambiri. Amene anandithandiza anali achemwali anga, a Esinati. Iwo anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Anasiya sukulu bambo athu atamwalira, koma itakhala yaulere anabwererako, n'kumakhala m'kalasi limodzi ndi ana aang'ono kwa iwo popanda kuchita manyazi. Anali munthu wofatsa, wa mawu ochepa, koma khutu lawo linali lakuthwa. Tsiku lina tikusenda chinangwa choviika anandiuza mawu onse a ndimeyo pang'onopang'ono, ine n'kumawatsatira. Nditaigwira anaseka n'kunena kuti, "Iwe Zione, ukaimba uzimvako zimene ukunena." Ndinayankha kuti ndamva, koma mtima unali kale kusukulu, kumene ndinkafuna kukadabwitsa anzanga.

Ndinawadabwitsadi. Pasanapite nthawi, pa buleki ana ankandizungulira n'kumaomba m'manja kuti ndiimbe. Ngakhale a sitandade 8 ankandidziwa dzina. Kwa mwana wamasiye wovala yunifolomu yazigamba, ulemu umenewo unali wotsekemera kuposa nzimbe.

M'miyezi yomweyo kunyumba kwathu kunayamba kubwera bambo wina, a Mhone. Anali kapitawo wa odula nzimbe ku Dwangwa, wochokera kumpoto, ndipo akazi awo anali atamwalira n'kuwasiyira ana. Anali munthu waulemu, wolankhula motsitsa, tsitsi litayamba kuchita imvi m'mbalimu. Ankabwera pa njinga yakuda yonyezimira, ndipo sankabwera chimanjamanja: nthawi zonse pakaliyala pankakhala paketi ya shuga. Ine ndinkawakonda chifukwa cha shugayo. Ndinkaganiza kuti akufuna amayi.

Atabwera amalume, amene anali nkhoswe ya banja lathu, m'pamene ndinamva kuti a Mhone akufunsira achemwali. Amalume anati munthuyo ndi wapantchito, sakumwa mowa, ndipo mwayi wotere sugogoda kawiri pakhomo la mkazi wamasiye. Anawafunsa achemwali ngati akuvomera. Iwo anangoyang'ana pansi, akukanda dothi ndi chala cha kuphazi. Amalume anati chete wa namwali ndiye kuvomera kwake. Kuyambira sabata imeneyo achemwali sanapitenso kusukulu, ndipo ndikayamba nyimbo ija pakhomo ankanyamula ndowa n'kupita kumjigo. Ine sindinadzifunse chifukwa chake.

Chinkhoswe chinachitika mpunga utakololedwa. Kunali kotentha, ndipo mphepo inkabweretsa timaphulusa takuda ta nzimbe zootchedwa, n'kumatigwera pa zovala. Anthu anadzaza pansi pa mitengo ya mango, akuchimuna mbali ina, ife akuchikazi mbali ina. Achemwali anakhala pamkeka pafupi ndi a Mhone, atavala chitenje chatsopano, mutu uli chozyolika monga amachitira mkwatibwi. Nyimbo zinkachokera pa wailesi ya kaseti yolumikiza ku batire ya galimoto. Mwambo uli pakati, anthu akuvina n'kumafupa, wailesiyo inayamba kukoka mawu ngati munthu woledzera, kenaka inangoti zii. Batire inali itatha.

Anthu anayamba kung'ung'udza. Mayi amene ankatsogolera mwambo, pofuna kuti zinthu zisazizire, anakuwa kuti, "Paja pakhomo pano pali mwana woimba ija ya m'tauni! Ali kuti Zione? Bwera udzasangalatse alamu ako!"

Sindinadikire kuitanidwa kawiri. Ndinathamangira pakati pa bwalo, anzanga akusukulu n'kuyamba kuomba m'manja mwa kagundidwe kaja. Ndime yoyamba inali yongodzitama, mtsikana kunena kuti wafika ndipo amumve. Anthu anaseka, amayi ena analuluta, ndipo a Mhone nawonso anamwetulira n'kundiponyera kandalama. Mutu unandikula. Ndinakoka mpweya n'kulowa ndime yachiwiri ndi liwiro limene ndinali ndisanalifikepo:

"Mwalandira shuga, mwaona njinga,
kope langa simunaliyang'ane.
Wa msinkhu wa bambo anga,
mukuti ndiziti mwamuna wanga?"

Mawu amenewa ndinali nditawanena kosawerengeka, kudambo, kusukulu, panjira. Koma tsiku limenelo m'pamene ndinawamva koyamba, akutuluka m'kamwa mwanga momwe. Pamene ndinkati njinga, maso anga anagwera pa njinga yakuda itatsamira mtengo wa mango. Pamene ndinkati bambo anga, ndinaona imvi za a Mhone. Ndinafuna kuleka, koma lilime limene ndinaliphunzitsa kusapunthwa linapitirira lokha mpaka kumapeto kwa ndime, pamene mtsikanayo amafunsa kuti ndani anamufunsa iye.

Anzanga anasiya kuomba m'manja mmodzimmodzi. Kumbuyo anyamata ena anaphulika nako kuseka, wina n'kukuwa kuti, "Shuga!" A Mhone anali akumwetulirabe, koma kumwetulira kouma, kwa munthu amene wapondedwa pachilonda pagulu. Mlongo wawo anaimirira, nakutumula chitenje chake, n'kunena m'Chichewa chake chakumpoto kuti sanayende ulendo wonsewo kudzatukwanidwa ndi kamwana. Akuchimuna ena anayamba kutola zikwama zawo. Ine ndinangoima pakati pa bwalo, kandalama kaja kali pafupi ndi phazi langa. Ndinayang'ana achemwali. Anali atadzutsa mutu, koyamba tsiku limenelo, ndipo ankandiyang'ana ndi maso amene sindinawamvetse.

Amayi anandikoka khutu mpaka kuseri kwa nyumba, kumene kunali thandala la chinangwa. Sanandimenye. "Wandivula pagulu, mwana iwe," anatero. "Anthu azinena kuti ndakutuma ndine." Amalume anafika thukuta lili kamukamu. Anati akuchimuna akuganiza kuti banja lathu linakonza zimenezi, ndipo ngati sindikapepesa pamaso pa onse, chinkhoswe chithera pomwepo. Anandiuza mawu oti ndikanene, n'kundibwerezetsa mpaka nditawagwira.

Ndinabwerera pabwalo ndikuyenda chogwada, miyala ikundilasa m'maondo. Ndinagwada pamaso pa a Mhone ndi abale awo, n'kunena mokweza monga anandiuzira: kuti ndine mwana wopanda nzeru, kuti sindinkadziwa chimene ndikunena, kuti nyimboyo ndi yabodza, ya atsikana otayika a m'tauni, ndipo pakhomo pathu palibe amene amaganiza zotero. A Mhone anandigwira pamutu n'kunena kuti, "Dzuka, mwana wanga. Ana a masiku ano amangotola za pa wailesi." Amalume anapereka nkhuku ya chipepeso, wina anabwereka batire kwa aphunzitsi, ndipo mwambo unapitirira. Pamene ndinkadzuka ndinaona kuti achemwali aweramitsanso mutu.

Masabata otsatira anali owawa. Kusukulu anandipatsa dzina loti Shuga, ndipo ndikamadutsa pamsika amayi ogulitsa usipa ankakodolana. Pagolosale paja ndinkadutsa mothamanga, zala zili m'makutu. Nyimboyo sindinaiimbenso, ngakhale ndili ndekha kudambo. Ndinkakhulupirira kuti tchimo langa linali kuchititsa manyazi amayi ndi mlendo, ndipo ndinkathokoza kuti ndinapepesa msanga ukwati usanapasuke.

Achemwali anapita ku Dwangwa. Sindinganame kuti a Mhone anali munthu wankhanza. Sanawamenyepo, ndipo anasamala amayi athu mpaka pamene amayiwo anamwalira. Koma achemwali analera ana a mkazi wina iwo eni akadali mwana, anabereka awo motsatizana, ndipo pamene ine ndinkapita kusekondale iwo ankaoneka ngati amayi anga aang'ono. A Mhone atamwalira, anatsala ndi ana ndi kamunda ka chinangwa.

Za tsiku lija sitinakambiranepo mpaka ine nditakula n'kuyamba uphunzitsi. Ndinapita kukawaona nditamva kuti akangana ndi abale a malemu amuna awo. Mwana wawo woyamba, Tamala, anali atangotha msinkhu, ndipo kunabwera munthu wa sitolo kudzamufunsira. Abale a malemuwo anavomera. Achemwali, munthu amene sindinamumvepo akukweza mawu, anaimirira pakati pa akuluakulu n'kunena kuti mwanayo achoka pakhomo pawo ndi satifiketi, apo ayi adutse kaye pa mtembo wawo. Anawanena zambiri, koma sanasunthike.

Tikusankha mpunga pakhonde ndinawafunsa kumene anatenga mtima wotero. Iwo anati, "Ukuikumbukira nyimbo yako ija?"

Nkhope inanditentha ngati ndabwerera pabwalo paja. Ndinati, "Achemwali, mundikhululukire. Ndinakuchititsani manyazi pa tsiku lanu."

"Manyazi ake ati?" anatero, osasiya kusankha. "Ine nyimbo ija ndinkaiimba mumtima tsiku lililonse kuchokera pamene amalume anabwera. Pakamwa pokha ndi pamene panali polemera. Ndiye utaimirira iwe n'kuinena yonse pamaso pawo, ndinati kodi kani alipo wondiyankhulira. Ndinatsala pang'ono kudzuka, Zione. Miyendo inali itayamba kale." Anataya kamwala kunja. "Kenaka unabwera chogwada, n'kunena kuti pakhomo pathu palibe amene amaganiza zotero."

Sanalankhule mokwiya. Anawonjezera kuti ndinali mwana, ndipo mwana amanena zimene wauzidwa. Koma ine mpunga unandisokonekera m'maso. Zaka zonsezo ndinkachita manyazi ndi kuimba kwanga, pamene chimene chinawasiya okha achemwali chinali kupepesa kwanga.

Mtsikana wa ku Blantyre uja anatulutsanso nyimbo zina zochepa, kenaka sanamvekenso. Sindikudziwa ngati ali moyo. Atsikana amene ndimawaphunzitsa lero ali ndi oimba rapu aakazi ambiri m'mafoni mwawo, ndipo dzina lake salidziwa. Iyenso sadziwa kuti kuno kunyanja kuli Tamala, amene anamaliza sukulu ndipo ndi namwino, chifukwa mayi wake anasunga ndime imodzi ya nyimbo mumtima kwa zaka zambiri mpaka tsiku limene inafunika.

Sindidziimba mlandu ngati kuti mwana wa zaka khumi ndi ziwiri akanatha kuletsa ukwati umene akuluakulu anali atagwirizana. Mwina achemwali akanadzuka, amalume akanawakhazikanso pansi. Koma manyazi sanandichoke, angosintha malo. Ndinaphunzira kuti mawu sakhala opanda mwini: ukawatola chifukwa akukoma m'kamwa, pali wina pafupi amene akumukhudza pamtima, ndipo uyenera kumuyang'ana usanatsegule pakamwa. Ndinaphunziranso china chovuta kuposa chimenecho. Ukanena zoona, ngakhale mwangozi, pamakhala wina amene wayamba kutsamira pa mawu akowo. Ukawabweza kuti udzipulumutse, iyeyo ndiye amagwa.

N'chifukwa chake m'kalasi mwanga, mwana akanena chinthu choona pa nthawi yolakwika, ndimamuphunzitsa ulemu ndi kusankha nthawi. Koma sindimuuza kuti anene kuti ananama.