Dzina Limene Sindinatchule pa Wailesi

Anabwera Lachiwiri m'mawa, sabata yachiwiri ya mwezi wa Juni, ndili kuseri kwa nyumba ndikupopa tayala la njinga. Chiperoni chinali chitaphimba phiri la Mulanje kuyambira dzulo lake. Ndinamva "odi" kawiri, kenako mkazi wanga anadzandiuza motsitsa mawu kuti pakhomo pali alendo awiri, wina wa yunifolomu ya polisi, wina wovala jekete lachikopa. Wa jeketeyo anandipatsa moni mwaulemu n'kundifunsa ngati ndine amene ndimawerenga makalata pa wailesi. Nditavomera anati, "Tiyeni mukatithandize pang'ono ku ofesi, achimwene. Simuchedwa." Mkazi wanga anafuna kunditengera juzi, iwo anati palibe chifukwa. Ndinakwera galimoto yawo ndi malaya a manja aafupi.

Wailesi imene ankanenayo inali yaing'ono, ya zipinda ziwiri kuseri kwa golosale ina pa Chitakale. Anaiyambitsa alimi ang'onoang'ono a tiyi pamodzi ndi mipingo ingapo, zaka zija mawailesi a m'madera atangoyamba kuloledwa. Njerwa anaumba ndi amayi a m'makalabu omvera wailesi, ndipo mlongoti tinaimika tokha ndi zingwe. Mawu athu ankamveka ku Nkando, ku Chinakanaka, ndipo nyengo ikakhala bwino ankadumpha malire. Chiphaso chathu chinali cha wailesi ya anthu a m'dera, yosachita malonda, ndipo tinachipachika m'felemu pakhoma. Ine ndinali kalaliki pa esiteti ya tiyi ndisanalowe ntchitoyi. Anandisankha chifukwa ndinakulira pa nyumba ya agogo anga, kumene tinkayankhula Chilomwe, ndipo Chichewa chinkayankhulidwa kukabwera alendo okha. Ndinkaulutsa mauthenga a maliro tsiku lililonse masana, ndipo Lachisanu ndinkawerenga makalata a omvera, ena m'Chichewa, ena m'Chilomwe.

Patapita zaka, makina anayamba kufooka ndipo amene ankatithandiza anachoka. Komiti inatopa. Mwezi wa Epulo tinangomva kuti wailesi yaperekedwa kwa mkulu wina wamalonda wa m'tauni. Anatitumizira manijala, munthu waukhondo wosakweza mawu, amene anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti kuyambira Julayi wailesi idzakhala ya nyimbo ndi malonda, dzina lidzasintha, Chilomwe chidzachoka, ndipo pulogalamu ya makalata idzatha. Anati chiphaso chakale achibweza ku ofesi yoona za ziphaso kuti atenge cha malonda. Mu Meyi felemu ija inatsika pakhoma, panangotsala msomali. Ndinamufunsa ngati n'kololedwa kuulutsa mawu tilibe chiphaso m'manja. Anandiyankha kuti mapepala ali m'njira, ine ndizingoyankhula.

Kalatayo inafika kumayambiriro kwa Juni, yolembedwa ndi pensulo pa pepala long'ambidwa m'kope. Analemba ndi mayi wina wotchola tiyi, wamasiye, wa ana anayi, amene ndinkamudziwa nkhope chifukwa ankatsogolera kalabu ya kwawo. Sanatukwane munthu. Anafunsa kuti ndani anafunsa amayi amene anaumba njerwa, komanso kuti agogo osamva Chichewa azimva bwanji kuti mbale wawo wamwalira. Pomaliza analemba zimene anthu ankanong'onezana m'minda, zoti mwini watsopanoyo ndi mlamu wa munthu wamkulu wina wa m'boma lino amene ankafuna kudzaima pa chisankho. Pansi analemba dzina ndi mudzi wake, n'kupempha kuti ndisamutchule, poopa kapitawo. Ndinaiwerenga yonse Lachisanu, kupatula dzina. Nditafika kunyumba ndinaiponya pamoto, monga ndinkachitira ndi makalata onse otere.

Ku ofesi kuja anandivula lamba ndi nsapato, n'kulemba dzina langa m'buku. Wa jekete uja anandiwerengera mlandu: kuulutsa mawu popanda chiphaso. Anandionetsa fomu yakale imene dzina langa linalembedwa ngati woyang'anira mapulogalamu, kenako pepala lina limene manijala anasaina, lonena kuti iye analamula kuti wailesi itsekedwe mpaka chiphaso chatsopano chifike, koma ine ndinali ndi kiyi wangawanga. Ndinawauza kuti m'mawa womwewo wailesi inali ikuimba, ndipo ngati akufuna atsegule amve. Anaseka pang'ono n'kunena kuti sitili pa nkhani ya lero, tili pa nkhani ya Lachisanu. Apo m'pamene anatseka faelo n'kundifunsa amene analemba kalata ija. Ndinati makalata amabwera ambiri, sindisunga maina. Iye anati nthawi ilipo, ndikumbukira.

M'selo tinalimo anthu ochuluka kuposa malo ogona. Pansi panali simenti yonyowa, ndipo mphepo ya m'phiri inkalowera pa kawindo kapamwamba. Aliyense amene anakhalapo ku Mulanje mu Juni akudziwa chimene malaya a manja aafupi amatanthauza. Sindinayankhule tsiku loyamba. Tsiku lachiwiri ndinapempha madzi, ndipo bambo wina wachikulire, amene anagwidwa akuwolotsa matumba a chimanga pa malire, anatembenuka n'kundiyang'anitsitsa. Anandiuza kuti ndibwereze. Nditabwereza anandiyankhula m'Chilomwe, nati akundidziwa: mawu anga ndi amene anamuuza za imfa ya mayi ake, iye ali pa ganyu ku Nkando, ndipo anafika kumudzi asanaike maliro. Anandifunditsa theka la chitenje chake. Kuyambira pamenepo anzanga a m'selo ankanditcha Awailesi, ndipo malo anga anasunthira kutali ndi ndowa.

Tsiku lachitatu ananditengera m'chipinda china chopanda windo, mmene munali amuna awiri amene sindinawaonepo. Funso linali lomwe lija. Zimene zinachitika mmenemo sizinakwane ola limodzi. Kuchokera tsiku limenelo khutu langa lakumanzere silimva. Pondibweza, mlonda wina wamtali amene ankasunga makiyi anandikankhira mkati n'kunena kuti, "Kuno kulibe mlongoti, bwana muulutsi. Mawu ako athera pakhomapa."

Mlonda yemweyo anali ndi kawailesi kamabatire pa tebulo lake, ndipo ankakonda kutsegula wailesi yathu yomwe ija. Choncho ndinamva ndekha kusintha kwake ndili kuseri kwa chitseko. Eni atsopano sanadikire n'komwe Julayi. Masana, nthawi ya mauthenga a maliro, kunkalira nyimbo za chamba cha kumalire ndi malonda a sopo. Lachisanu litafika ndinakhala tsonga, khutu labwino nditaligunditsa ku chitseko. Pa ola langa kunayankhula mtsikana wa mawu okoma, akusakaniza Chichewa ndi Chingerezi, akupereka moni kwa okondana. Sanatchule kuti panali pulogalamu ina pamenepo. Wailesi imene ndinamangidwira kuti ndaitsegula popanda chiphaso inali ikuimba tsiku lonse pa tebulo la wondisunga, ndipo palibe amene anaona chachilendo.

Mkazi wanga ankaloledwa kubweretsa chakudya kamodzi pa tsiku. Ankabwera ndi chinangwa chophika ndi nyemba za kalongonda m'kambale, ndipo mlonda ankavundula ndi kamtengo kufunafuna kapepala. Tinkayankhulana mphindi zochepa, iye ataima kunja kwa waya. Anandiuza kuti anapita kwa wapampando wa komiti yakale, koma a pakhomopo anamuuza kuti atuluka, pomwe njinga yawo inali pakhonde. Anzanga a ku wailesi ankamuzemba pa msika. Tsiku lina anaona kuti ndikutembenuzira mutu kumbali kuti ndimumve. Anangosunthira mbali ya kumanja n'kupitiriza kuyankhula, koma mawu ake anali atasintha. Asanachoke anandifunsa, "Bambo a ana, dzina limenelo n'lolemera kuposa ife?" Ndinangomuuza kuti mayiyo ali ndi ana anayi ndipo alibe mwamuna womubweretsera chinangwa.

Tsiku limene ndinaopa koposa silinali la chipinda chija ayi. Linali Lachinayi la sabata yachiwiri, masana, dzuwa litatuluka koyamba. Wa jekete uja anandiitanitsa, anandipatsa mpando ndi tiyi wamkaka. Anati akumvetsa kuti munthu ngati ine sangatchule dzina ndi pakamwa, choncho wandipeputsira ntchito. Anayala pa tebulo pepala la maina a atsogoleri a makalabu onse omvera wailesi, lochokera mu ofesi yathu yomwe, lolembedwa ndi dzanja langa. Anati, "Musanene kanthu. Ingoikani chala, madzulo ano mukadyera kwanu."

Dzina la mayi uja linali lachinayi kuchokera pamwamba. Ndinadziwa kuti munthuyo sakuyang'ana chala changa, akuyang'ana maso anga. Ndinawerenga pepalalo mzere ndi mzere, ndikuwerengera mumtima katatu pa dzina lililonse kuti ndisafulumire kapena kuchedwa pa lina. Nditafika pa lachinayi mtima unagunda mpaka m'khutu lakufa lija. Ndinawerenga katatu n'kupitirira. Nditafika pansi ndinamubwezera pepala, ndinati onsewa ndi anthu abwino koma sindikukumbuka. Sindinganame kuti sindinaganize za kwathu. Ndinaganiza za bulangeti, za mwana wanga wamkazi amene anali pafupi kulemba mayeso, ndipo chala changa chinali chopepuka kwambiri tsiku limenelo. Ndinachikhalira pansi pa ntchafu. Tiyi uja anamuchotsa ndisanamwe.

Mawa lake ananditengera kukhoti, kumene mlandu unawerengedwa n'kuimitsidwa, ndipo ananditumiza ku ndende kukadikira. Kumeneko kunalibe wondifunsa mafunso. Kunali nsabwe, mzere wa chakudya, ndi kuwerengedwa kawiri pa tsiku titanjuta. Ndinadwala chifuwa. Ndinapita kukhoti kawiri kena, ndipo kawiri konse woimira boma anati mboni yaikulu, manijala uja, yatanganidwa.

Amene anatsegula njira anali mkulu wa mpingo wathu, mphunzitsi wopuma ntchito, amene anapita kukafunsa kwa loya wina m'tauni. Anabwera kudzandiona n'kundifotokozera kuti chiphaso chatsopano chatuluka, ndipo tsiku limene alembapo kuti chinayamba kugwira ntchito ndi la mu Meyi. Eni atsopano anafuna choncho kuti miyezi imene anaulutsa popanda pepala isawavute. Koma ngati chiphaso chinayamba mu Meyi, ndiye kuti Lachisanu lija wailesi inali ndi chiphaso. Kuti andizenge mlandu, anayenera kunena kuti pepala lawo lomwe ndi labodza. Ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira. Sikuti wina anaona kuti ndalakwiridwa. Pepala limene linateteza iwo linanditeteza inenso mwangozi.

Ndinatuluka Lolemba, sabata yomaliza ya Julayi. Panalibe chigamulo. Anangoti boma lachotsa mlandu koma likhoza kuubweretsanso likafuna. Anandisainitsa pepala lolonjeza kuti sindidzafika pa malo a wailesiyo. Wolemba m'buku pa geti anandiuza, osakweza mutu, kuti ndikasamale pakamwa chifukwa malo anga sanapatse munthu wina. Mkazi wanga anali kunja. Tinakwera minibasi, ndipo titadutsa pa Chitakale ndinaona kuti khoma lapakidwa penti yatsopano, mlongoti wathu wachotsedwa, paima wina wautali kuposa uja.

Mayi uja ndinakumana naye kamodzi kokha, patapita miyezi, akugulitsa nanazi pa Nkando. Tinapatsana moni ngati anthu odziwana patali. Anasankha nanazi wamkulu n'kuika m'thumba langa, ndipo ine ndinathokoza n'kupita. Panali anthu ambiri pafupi. Sindikudziwa ngati akudziwa za pepala la maina lija, ndipo sindinafune kuti adziwe.

Anthu amandifunsa ngati ndinasangalala nditamasulidwa. Ndimavomera, chifukwa n'zoona: ndinagona pa mphasa yanga, ndinaona mwana wanga akupita ku sekondale. Koma ufulu umene anandibwezera pa geti sunali wofanana ndi umene ananditengera. Ndinkayenda kulikonse kumene ndafuna, koma ndisanayankhule ndinkayamba ndayang'ana amene ali kumbuyo kwanga. Palibe amene anandilamula kutero. Ndinkazichita ndekha, pa msika, ku tchalitchi, ngakhale pa khonde langa.

Chaka chotsatira apongozi anga aakazi anamwalira. Pa mwambo wa maliro, mkulu wa mpingo uja anandipatsa chimkuzamawu kuti ndiwerenge mbiri yawo, popeza abale ambiri anachokera kutsidya la malire ndipo ankafuna kumva m'Chilomwe. Ndinachigwira n'kuima. Khamu lonse linali chete, ndipo ndinapeza kuti ndikuyang'ana m'mbali mwa msasa kufuna nkhope yachilendo. Ndinaima nthawi yaitali moti mkazi wanga anadzutsa mutu pakati pa amayi. Kenako ndinatchula dzina la malemuwo, mudzi umene anabadwira, ndi maina a ana awo mmodzimmodzi. Mawu anatuluka osasa, koma anafika mpaka kwa okhala kumbuyo.