Mchere Umene Agogo Analavula

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Namakhwa, mphuno zanga zimadzaza fungo la mwala wootchedwa umene wangothiridwa madzi, fungo lotsamwitsa losakanikirana ndi utsi wa koloboyi ndi thukuta la munthu amene wakhala m'dzenje kuyambira m'mawa. Ndimawaona akutuluka chokwawa pakamwa pa mgodi, m'phiri la kumadzulo kwa Phalula, tsitsi ndi nsidze zili mbuu ndi fumbi, akutsokomola mpaka kugwira mawondo, kenako n'kundiseka: "Wafika mkazi wanga wamng'ono! Nanga wamkulu uja wanditumizira chiyani lero?" Wamkuluyo anali mkazi wawo weniweni, mayi a mayi anga, amene ife tinkawatcha anganga.

Mgodiwo sunali wawo. Anaukumbitsa mzungu wina ine ndisanabadwe, kamgodi ka golide ka antchito owerengeka, kokhala ndi chigayo chimodzi chophwanyira miyala chimene amati kugunda kwake kunkamveka mpaka kumsewu. Popeza agogo anali atagwirapo m'migodi ya ku Halale, mzunguyo anawapatsa ntchito yotsegula njira pansi pa phiri, ndipo ntchito imeneyo ankainyadira kuposa china chilichonse.

"Mumgodi muli anthu amitundu iwiri," ankandiuza choncho. "Ena amaswa mphanje, ena amakolola. Ife oswa mphanje timaboola mwala wakuda wopanda kanthu, kufunafuna msempha wa mwala woyera mmene mumagona golide. Tikaupeza amatichotsapo, n'kuikapo okolola, ife n'kukayambanso pena." Ankanena izi akumwetulira, koma ine lero ndimaona kuti anali munthu amene anaswa mphanje unyamata wake wonse osakololako n'kamodzi komwe.

Msempha umene mzungu ankadyerapo unayamba kuwonda. Tsiku ndi tsiku iye ankatapa mwala pang'ono, kuusinja mu mtondo wachitsulo, n'kuupeta m'madzi m'mbale yakuda, kuyang'ana kamzere kachikasu kotsalira m'mphepete, kamene ankakatcha mchira. Mchira ukatalika ndiye kuti mgodi uli moyo. Wa mgodi umenewu unafupika, n'kufupikabe, mpaka mzungu anapasula chigayo chake n'kumapita, njira yatsopano imene agogo ankaboola ili pakati. Anasiya mtondo uja, mbale ija, tchizulo zobuntha, ndi mawu amene anakakamira m'kamwa mwa agogo: kwatsala pang'ono.

Anzawo onse anabwerera kumakasu. Agogo nawonso ankalima, sindingawanamizire ulesi, koma chimanga chikangolowa m'nkhokwe ankapinda mphasa n'kukwera phiri. Zophulitsira miyala analibe. Ankasonkha moto waukulu kumapeto kwa njira, mwala ukapsa n'kuuthira madzi kuti ung'aluke, utsi ukatuluka n'kulowa ndi nyundo. Chilimwe chathunthu njirayo inkangotalika ngati kuchoka pakhonde kukafika pankhokwe. M'mudzi anawapatsa dzina lakuti a Kwatsala, ndipo iwo ankayankha osakwiya.

Anali Mkatolika wa korona m'khosi, koma mgodi unali ndi malamulo ake amene katekisiti sanauzidwe. Munthu woboola njira sagona m'nyumba ya mkazi wake, sadya ndiwo zothira mchere, ndipo mkazi wotha msinkhu sayandikira pakamwa pa mgodi, kuopa kuti golide angathawe kapena denga lingagwe. Akameza mchere, basi, chaka chimenecho mgodi watsekeka, atsike apite kwawo. N'chifukwa chake ntchito yonyamula chakudya inagwera ine, Felesiya, kamtsikana kosatha msinkhu.

Anganga anali mayi wamfupi, wosachulutsa mawu, wa manja onunkhira nsinjiro. Akaphika ndiwo ankayamba apatula za agogo m'kamphika kawo kong'aluka pakamwa, kenako n'kuthira mchere m'zathu. Sindinawamvepo akudandaula kwa anthu, koma tsiku lina tikusinja anapumira pamunsi n'kuyang'ana kumadzulo. "Anzanga akulimbana ndi akazi anzawo a mitala," anatero. "Ine mkazi mnzanga ndi phiri. Ndikalalatire phiri?" Anaseka, inenso ndinaseka, poti ndinali mwana.

Chilimwe chimene ndikufuna kunenachi, miyendo ya anganga inayamba kutupa. Anasiya kupita kudimba, kenako kuchitsime, kenako ngakhale kuchoka pamphasa kupita padzuwa kunkawathetsa mpweya. Ine ndinkawauza agogo kuti kumudzi sikuli bwino, iwo n'kumati ndi nyamakazi ya chaka ndi chaka. Mayi anapsa mtima, anafuna kukwera okha kuphiriko, koma anganga anawaletsa. "Iyayi, usakawaipitsire dzenje lawo. Ndiponso bambo akowo ukawaitana ndi pakamwa amayankha ndi pakamwa. Ndiwaitana ndekha."

M'mawa mwake anadzikoka mpaka pamafuwa, anakana kuti mayi awathandize, n'kuphika nkhwani wotendera, ndiwo zimene agogo ankazikonda. Anapatula za agogo m'kamphika kaja monga mwa masiku onse. Kenako ndinaona dzanja lawo likulowa m'chikho cha mchere n'kupita pakamphika komweko.

"Anganga, mwasokoneza mphika!" ndinakuwa.

"Sindinasokoneze," anatero, akuvundula pang'onopang'ono. "Zaka zonsezi ndasokonezapo? Nyamula. Akakufunsa, uwauze kuti ndathira ndine, ndipo ndikuwafuna."

Ndinawapeza agogo ali pamsasa wawo, nkhope ili ngwee ngati mnyamata amene chibwenzi chamulola. Anandionetsa chibenthu cha mwala wakuda chokhala ndi timizere toyera ngati mafuta a m'nyama. "Taona, mkazi wanga wamng'ono! Mwala wasintha. Msempha uli kuseri kwa khoma lomweli, ndikuumva ndi nyundo." Anasamba m'manja, anachita chizindikiro cha mtanda, anatema mbamu n'kususa nkhwani.

Nsagwada zawo zinaima. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Ndinanena zonse monga anandituma: kuti athira ndi anganga, kuti miyendo yatupa mpaka m'mawondo, kuti akuti mubwere. Chakudya chili m'kamwa, agogo anaponya maso kumudzi kumene utsi wa m'makhitchini unkaoneka patali. Anamva uthengawo, zimenezo sindikayika, chifukwa maso awo anafiira. Kanthawi kameneko ndakhala ndikukaganizira moyo wanga wonse. Kunangotsala kumeza.

Anatembenuka n'kulavulira m'tchire. Anachukucha m'kamwa ndi madzi a m'chikho, analavulanso.

"Sindinameze," anatero, ngati akuuza phirilo osati ine. "Ukawauze anganga ako kuti ndamva. Koma ndikatsika lero, nkhuni zonse ndaotcha chaka chino zapita pachabe, mvula ibwera, dzenje lidzala madzi. Apirire mpaka Lamulungu. Ndidzatsika ndi mwala woyera m'thumba, adzauone ndi maso awo. Kwatsala pang'ono."

Nsima anadya yokhayokha, ndiwo ndinabwerera nazo. Nditafika, anganga anali atagona choyang'ana kukhomo.

"Adya?"

"Alavula, anganga."

Anayang'ana kamphikako, kenako anatembenukira kukhoma. "Chabwino," anatero. "Mawa uwatengere zosathira."

Lamulungu lija sanalione. Anatisiya Loweruka masana, dzuwa lili paliwombo, mayi atawagoneka pamiyendo. Agogo anatsika kuphiri atamva kulira, akuthamanga ngati mnyamata, fumbi la mgodi lidakali m'tsitsi, ndipo anagwada pakhomo osatha kulowa. Palibe amene anawanyoza. Mayi sanawalankhule mpaka tsiku lometa, ndipo kukhala chete kumeneko kunawapweteka kuposa chipongwe.

Kwathu ndi kwa chikamwini. Mkazi akamwalira, abale ake amasudzula mwamuna kuti abwerere kwawo. Agogo anapempha kuti asanapite akamalize khoma lija, ndipo anawalola, mwina pofuna kuti nawonso aone chimene chinadya mlongo wawo. Khomalo linabooka, ndipo msempha unalipodi, woyera ngati ufa, waukulu ngati ntchafu ya munthu. Pa zimenezo agogo sananame. Anatsika nawo mwalawo, anausinja mu mtondo wachitsulo pabwalo, anthu atazungulira, n'kuyamba kuupeta m'mbale yakuda ija. Madzi anazungulira, mchenga unatayika, mbale inayera. M'mphepete munatsala kamchira kochepa ngati nsidze imodzi ya khanda.

Anasinja wina, anapetanso. Anabwerera kuphiri kukatapa kumanja kwa msempha, kumanzere, pansi, mpaka mvula yoyamba inagwa. Golide yense amene anapeza anamuthira m'kabowo ka nthenga ya nkhanga, ndipo sanafike n'pakati pomwe pa nthengayo. Anaikweza padzuwa, anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Kani mzungu uja anaona bwino," anatero. Mawu akuti kwatsala pang'ono sindinawamvenso m'kamwa mwawo.

Anabwerera kwawo kwa Kalembo, kwa mlongo wawo. Ndinakawaonako nditakwatiwa, ndikupita ku Ulongwe ndi mwana kumsana. Anali atatha ngati chitsa, chifuwa cha fumbi la m'migodi chikuwavuta, koma anandizindikira n'kuyesa kuseka. "Mkazi wanga wamng'ono wandithawa, wakwatiwa kwina!" Pophika, ndinaona mlongo wawo akupatula ndiwo m'kambale asanathire mchere, akung'ung'udza kuti achimwene akewo ndi ovuta kuwasamala.

"Agogo," ndinatero, "mgodi munausiya kalekale. Mukusaliranji mchere?"

Anatsokomola kaye, anapukuta pakamwa. "Mchere wanga anandithirira kale, mdzukulu wanga," anatero. "Ndinalavula."

Anamwalira chaka chomwecho. Nthenga ija sindidziwa kumene inapita, ndipo sindinaifunse. Pakamwa pa mgodi panamera minga, ana a masiku ano amangoti ndi phanga la afisi. Agogo sindiwada, iyayi. Ndinkawakonda, ndipo chisoni changa n'chakuti munthu wodziwa kumva msempha kuseri kwa mwala analephera kumeza mbamu imodzi ya nkhwani. Ana anga amandiseka kuti ndikamva kuti wina wadwala ndimasiya ngakhale zovala m'beseni, chimanga pamphasa nkhuku zikudya, n'kuyamba ulendo. Aseke. Amati, "Amayi, malizani kaye, kwatsala pang'ono." Ine ndimangomanga chitenje n'kutuluka, chifukwa mawu amenewo ndinawanyamulapo kale kuchoka kuphiri, pamodzi ndi kamphika kodzaza ndiwo, ndipo ndikudziwa mmene amalemerera.